Wosadziwa Akweze Lamanzere

Chimene chinamudetsa nkhawa Wickson Fraser poyamba si mayiyo ayi, koma kuseka kwake. Munthu satuluka mu ofesi ya ahedi akuseka mwezi wa Malichi. Pasukulu ya sekondale imeneyi, yomwe inabisala kuseri kwa masitolo a ku Rawdat Al Khail mumzinda wa Doha, Malichi unali mwezi wa makontirakiti, mwezi umene ahedi ankasankha aphunzitsi oti apitirize chaka chinacho ndi oti akwere ndege kubwerera kwawo. Aliyense ankalowa mu ofesimo ngati akukazonda wodwala mwakayakaya, ndipo potuluka ankayang'ana nsapato zake. Koma uyu anatuluka mano onse ali panja, ahedi akumuperekeza mpaka pakhomo, akumusisita paphewa ngati mwana wawo wobereka.

Wickson anati akhotere kumakalasi a sayansi, koma mayiyo anali atamuona kale.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi? Ndinu a Fraser, eti? A fizikisi?"

Chichewa chenicheni, pakati pa Doha, m'khonde lozizira ngati firiji ya m'golosale. Wina akanalumpha ndi chimwemwe. Wickson anayamba waunguza uku ndi uku.

"Ndine amene. Kaya anzathu?"

"Atuweni Dauda, kwathu ndi ku Machinga. Ndikupanga research ya PhD. Ndamva kuti kumudzi munkaphunzitsa pa CDSS ina ku Ntcheu."

"Mwamva kwa ndani?"

"Madam ndi amene andiuza."

Madam ndiwo anali ahediwo, mayi wachikulire wa ku Lebanoni, wa magalasi omangirira kaunyolo m'khosi. Ndiye kuti mmene ankaseka muja, dzina la Wickson linali patebulo. Anazisunga mumtima zimenezo.

Atuweni anali wamfupi, wovala mpango wobiriwira, wolankhula mofulumira ngati munthu amene nkhani yake waifotokoza kambirimbiri. Anati kumudzi silabasi ya sekondale imafuna kuti mwana azigwira zinthu ndi manja ake, aziyesa yekha, azikambirana ndi anzake, osati kumangokopera za pabolodi. Ana akalephera mayeso, akuluakulu amati aphunzitsi ndi aulesi. Aphunzitsi nawo amati tiphunzitsa bwanji chotero, ana oposa zana m'kalasi imodzi, buku limodzi, labotale kulibe, choko chogula ndi za m'thumba?

"Ndiye ine ndikufuna ndione ndi maso anga," anatero. "Mphunzitsi yemweyo wa ku Malawi, ukamupatsa ana twente, labu, mabuku, ma-conditions onse abwino, amaphunzitsa bwanji? Vuto lili pa munthu kapena pa malo? Mundilole ndidzakhale kumbuyo kwa kalasi yanu Lachiwiri. Zimene ndidzaone ndi zanga ndi yunivesite basi. Dzina lanu silituluka, ndipo Madam sindikawauza kanthu."

Apa m'pamene Wickson anatsimikiza kuti pali chinachake. Iye anali asanafunse za kukawauza Madam. Nanga mayiyu anaziyambiranji? Munthu akafika pakhomo pako n'kuyamba ndi kulumbira kuti sanadzere nkhuku, iwe uyambe wasuzumira m'khola. Komabe kukana sakanatha, chifukwa kukana mlendo wa ahedi mwezi wa Malichi n'kudzigulira wekha tikiti. Anamwetulira n'kunena kuti palibe vuto, adzabwere.

Kontirakiti imeneyi sinali ya iye yekha. Sukuluyo inali ndi lamulo lake: mphunzitsi akasayina kachiwiri, ankamuthandiza mapepala oti aitanitse banja. Mkazi wake Eveless anali ku Ntcheu, kudikira. Mwana wawo Maness anamusiya akukwawa, ndipo tsopano anali atayamba kulankhula, koma bambo ake ankawadziwira pafoni, moti akaona foni ya munthu aliyense ankaiitana kuti adadi. Eveless ankafotokoza zimenezi akuseka, koma Wickson zinkamulasa mtima. Anali atawalonjeza kuti chaka chino sichitha asanakwere ndege.

Madzulo a tsikulo anapita ku Najma, pakalesitilanti kena ka Amwenye komwe Amalawi ankakonda kukumana, chifukwa tiyi wa karaki anali wotsika mtengo ndipo mwini wake sankathamangitsa anthu okhalitsa. Anapezako che Shaibu, bambo wa ku Mangochi amene ankayendetsa basi ya sukuluyo. Che Shaibu ankadziwa zonse zochitika pasukulupo, ndipo zimene sankazidziwa ankazisoka okha, msoko wake osaoneka.

"Research?" anatero che Shaibu, akunyema chapati. "Wallahi, aphunzitsi, kuphunzira konseku simukuona? Last year sikunabwere mzungu uja ankati ndi consultant? Anakhala kumbuyo kwa makalasi wiki yonse, kumwetulira ngati wansembe. Kenako chinachitika n'chiyani? Aphunzitsi awiri a ku Kenya aja ndinawanyamula ndine kupita nawo ku airport. Khalas, zinathera pomwepo."

"Koma uyu ndi Mmalawi mnzathu, che Shaibu."

"Nzeru yake ndi imeneyo! Khoswe samukola ndi mwala, amamukola ndi mtedza. Akudziwa kuti mzungu mumubisira. Koma wakwanu akangoti mwaswera bwanji, inu muyamba kukhuthula zonse, za salary, za accommodation, za Madam. Ndipo tandiuzeni, ndani angalipire ndege, visa, malo ogona, kuti adzangoonera munthu akulemba pabolodi? Ku Malawi aphunzitsi anatha?"

"Akuti akufuna a kunja, a ma-conditions abwino."

"Inshallah n'zoona. Koma paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sananene kuti kalumoko kameta ndani."

Wickson anatulutsa foni n'kufufuza dzina la mayiyo. Analipeza patsamba la yunivesite ina, chithunzi chake chili pomwepo, mpango womwewo. Akanapanda kulipeza akanati dzinalo ndi labodza. Atalipeza anati anthuwa akonza bwino zedi. Mtima ukayamba kukayika umadya chilichonse ngati mbuzi, ndipo wa Wickson unali utayamba kale kutafuna. Tiyi uja anazizira osamwedwa.

Lamlungu, lomwe kuno ndi tsiku loyamba la ntchito, Atuweni anamupeza m'chipinda cha aphunzitsi n'kupempha kuti amufunse mafunso angapo. Anaika foni patebulo kuti ijambule mawu. Wickson anakankhira mpando wake kumbuyo pang'ono.

"Ku Ntcheu chinkakuvutani kwambiri n'chiyani pophunzitsa silabasi imeneyi?"

Apa akanatha kulankhula mpaka dzuwa kulowa. Akananena za denga lodontha, za mitu ya m'silabasi imene ankangoidumpha chifukwa inkafuna magetsi pomwe sukuluyo inalibe, za ana amene ankagwira chida cha labotale koyamba tsiku la mayeso. Zonsezo zinafika pakhosi. Koma bwana aliyense amadana ndi munthu wodandaula, ndiye anazimeza.

"Tinkayesetsa," anatero.

"Nanga kuno? Pali chimene chimakusowetsani mtendere?"

"Palibe olo chimodzi." Anaweramira pafoni paja n'kukweza mawu kuti omutumawo akamve bwino. "Management ndi yabwino kwambiri. Madam ndi mayi wanzeru, ali ngati kholo lathu."

Atuweni anamuyang'ana modabwa, anathokoza, n'kuzimitsa foni.

Chimene Wickson ankaopa kwenikweni chinali pansi pa tebulo lake m'kalasi: katoni yakale ya madzi akumwa, yodzaza ndi zitsekerero za mabotolo, misomali, machubu a njinga, ulusi, mabatire akutha, mawaya otola ndi mandimu ofota. Chinali chizolowezi cha ku Ntcheu, kumene labotale yake inali dzala la kuseri kwa msika. Atafika kuno anapeza zida zonyezimira m'makabati ndi sikirini yaikulu ngati chitseko, koma sanachedwe kuona kuti ana a anthu olemera nawonso amamva msanga chinthu akachipanga okha. Ndiye katoni inabwerera. Kalasi yake inali yaphokoso, ana ali chogwada pansi, kukangana, kumata, kuphulitsa, mpaka mphunzitsi wa chipinda chinacho ankagogoda khoma. Wickson ankaikonda kalasi yotero, koma mumtima ankachita nayo manyazi. Ankaganiza kuti ahedi akungomupirira, kudikira chifukwa chomuchotsera. Tsopano chifukwa chija chinali chitafika, chitavala mpango wobiriwira. Ankachita kuwaona mawu ake papepala: makolo akulipira ndalama zankhaninkhani, iye akuphunzitsa ana awo ndi zinyalala.

Koma munthu amene anaphunzitsapo pasukulu yakumudzi sasowa mankhwala a mlendo wokhala kumbuyo kwa kalasi. Ahedi ake akale a ku Ntcheu anamupatsa mankhwalawo chaka chake choyamba, tsiku limene anamva kuti oyendera sukulu ali m'njira. Phunziro umaliphunzitsa dzulo lake, n'kulibwereza mpaka lipse. Kenako umapangana ndi ana kuti mphunzitsi akafunsa funso, aliyense akweze dzanja. Wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere. Mlendo amangoona nkhalango ya manja, ndipo aliyense wolozedwa amakhoza. Ahedi aja anapuma pantchito ndi mbiri yabwino.

Lolemba m'mawa Wickson ananyamula katoni ija n'kukaibisa pansi pa mpando wa kumbuyo m'basi ya che Shaibu. Kenako analowa m'kalasi n'kuwauza ana, m'Chingerezi, kuti mawa kukubwera mlendo ndipo adzamuchitira kasewero. Anawo, ena a ku Igupto, ena Amwenye, ena Afilipino, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Chinthu chotere anali asanachimvepo, ndipo anachikonda kuposa fizikisi yeniyeniyo. Anayeserera phunziro la magetsi mobwerezabwereza, manja akukwera ndi kutsika ngati a asilikali pa pelete. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Mmodzi yekha sanaseke. Anali Rahma, mtsikana wa ku Sudani amene anabwera pakati pa chaka n'kukhala pakona miyezi ingapo osatulutsa liwu. Wickson anamuyamba pang'onopang'ono, ngati moto wa nkhuni zaziwisi, mpaka tsiku lina kababu kake kanayaka ndi mandimu ndi misomali, mtsikanayo n'kufuula osadziwa kuti wafuula. Kuyambira pamenepo ankayankha apo ndi apo, monong'ona, nthawi zina molakwa. Tsiku wamba Wickson akanamudikira ngakhale belu litalira. Koma mawa silinali tsiku wamba.

"Rahma," anatero ena akutuluka, "iwe mawa usadzadzivutitse. Uzidzangokweza lamanzere nthawi zonse."

Mtsikanayo anagwedeza mutu n'kunyamula chikwama chake.

Lachiwiri Wickson anavala tayi ya paukwati wake. Atuweni anafika belu lisanalire, anapereka moni kwa ana, n'kukakhala kumbuyo, kope lili pamiyendo. Anasuzumira pansi pa tebulo la mphunzitsi, anayang'ananso m'makona. Wickson anamuona. Akusaka katoni, anatero mumtima, anamuuziratu poti akayang'ane. Koma lero wagwa nayo.

Phunziro linayenda ngati madzi a mumpopi. Sikirini inawala, zithunzi zikusinthana, ana ali phee, atakhala tsonga. Funso loyamba, manja onse m'mwamba. Vuto linali limodzi, lomwe limakula munthu ukakhala ndi mantha: ukayang'anizana ndi ana, lamanja lawo limakhala kumanzere kwako. Kangapo chala chake chinatsala pang'ono kuloza wolakwika, moti wophunzira wina wa kutsogolo anachita kutuzula maso kuti amubweze. Koma anapulumuka. Wolozedwa aliyense anayankha ngati akuwerenga m'buku. Kumbuyo kuja cholembera chinayenda pang'ono, kenako chinaima. Atuweni anatseka kope n'kupinda manja. Wickson anati mayiyo wasowa cholemba, ndipo mtima wake unakhala m'malo.

Kudzimva kumeneko n'kumene kunamulakwitsa. Ataona kuti nthawi yatsalako, anaponya funso limene sanayeserere, funso limene ankalikonda kuyambira ku Ntcheu.

"N'chifukwa chiyani mbalame ikatera pa waya wa magetsi siifa?"

Manja onse anakwera monga mwa pangano. Wickson anayendetsa maso mzere woyamba, amanzere okhaokha. Wachiwiri, amanzere. Ngakhale akatswiri ake aja anali atakweza amanzere, akumuyang'ana momupepesa. Kalasi yonse inali kumuuza mwaulemu kuti sikudziwa. Pakona pokha m'pamene panali dzanja lamanja, lowongoka. Linali la Rahma.

Anayang'anizana. Maso a mtsikanayo ankati ndilozeni. Koma munthu amene watha masiku akukayikira wamkulu savutika kukayikira mwana, ndipo Wickson anayamba kusinkhasinkha. Ndinamuuza lamanzere, ndiye mwina wasokoneza manja. Mwinanso wakwiya ndi za dzulo, akufuna andiyalutse pamaso pa mlendo. Akangoyamba kuchita chibwibwi, kazitape uja atsegulanso kope.

"Tsitsani manja," anatero. "Nthawi yatithera, ili ndiyankha ndekha."

Manja anagwa onse pamodzi. La Rahma linatsika pomaliza, pang'onopang'ono, n'kukabisala pansi pa desiki.

Belu litalira ana anatuluka. Wickson anali kuzimitsa sikirini pamene anamva kukhosomola kumbuyo. Atatembenuka anapeza Atuweni atakhala pomwe paja, dzanja lili m'mwamba. Linali lamanzere.

"Aphunzitsi," anatero, "ine yankho sindikulidziwa."

Atuweni anatsitsa dzanja lija.

"Folomu wani mpaka folo ndinaphunzira pa CDSS, a Fraser. Dzanja ili linatopa ndi ma-inspector. Pafunso loyamba lomwe ndinadziwa kuti ndafika kumudzi." Anaseka, koma sikunali kuseka kwa ku ofesi kuja. "Mwandipweteka. Ulendo wonse uja, kudzaonera sewero limene ndinkasewera ndekha ndili mwana. Ine ndinadzera katoni."

"Katoni iti?"

"Imene Madam anandiuza. Ankati pali Mmalawi wina pano amadutsa pakati pa magalimoto akuluakulu a makolo atakoleka chubu cha njinga m'khosi. Anachita kutsanzira mayendedwe anu. Ndi zimene tinkaseka tsiku lija."

Munthu wa mtima wokhazikika akanamva kuti amenewo ndi mawu achikondi. Wickson anangomva kuti ankamuseka, awiriwiri, chitseko chili chotseka.

"Ndiye mukawauza za lero?"

"Ndinakuuzani kale, ine si wa Madam. Lesson ya leroyi sindiigwiritsa ntchito, mulibe data. Ndibweranso Lachinayi tidzapangane tsiku lina, mudzaphunzitse mmene mumaphunzitsira masiku onse." Anaika kope m'chikwama n'kuima pakhomo. "Koma mtsikana wa pakona uja mukamupepese. Lake linali lamanja."

Lachitatu pampando wa Rahma panalibe munthu. Wickson anaona, koma maso ake anali pawindo, chifukwa panja, poimika magalimoto, Atuweni anali ataima ndi Madam, akulankhula, dzanja likuloza kumakalasi a sayansi. Kodi sanati abwera Lachinayi? Nanga lero wadzatani? Madam anafunsa kanthu, Atuweni anapukusa mutu, ndipo nkhope ya Madam inagwa. Panalibe amene anaseka.

Pa nthawi yopuma Wickson anathamangira kubasi. Che Shaibu anamvetsera nkhani yonse atatsamira chiwongolero, kenako anaomba m'manja kamodzi.

"Ndinanena ine. Wakugwirani, ndipo report wapereka kale. Tsopano mverani kuno, aphunzitsi. Ine mabwana a kuno ndagwira nawo ntchito zaka zambiri. Akakuitanani musadikire kuti akuwerengereni mlandu. Yambani ndinu, mupange explain mbali yanu, musanamve mchere umene iye wathira. Wochedwa amapeza nkhani itapsa kale. Yalla, fulumirani, limbani mtima."

Tsiku lomwelo Eveless anatumiza uthenga wa mawu. Mapasipoti anali atatuluka, yake ndi ya Maness. Kumbuyo kwake kunkamveka mwanayo akuimba kuti ndege, ndege. Wickson anaumvetsera kamodzi ndipo sanayankhe.

Lachinayi, ana atangoweruka, mlembi wa ahedi anabwera kudzamuuza kuti Madam akumufuna. Wickson anayenda m'khonde lija akubwereza mawu ake chamumtima ngati mwana wopita kukalemba mayeso. Mu ofesi munkanunkhira khofi. Patebulo panali pepala lozondotsa, cholembera chili pamwamba pake. Lipoti lija ndi limenelo, anatero mumtima.

"Khalani pansi, Bambo Fraser," anatero Madam m'Chingerezi, akuvala magalasi. "Mayi Dauda anali pano dzulo..."

"Madam, ndiloleni ndiyambe ndine." Mawu anatuluka okha, mothamangitsana. "Zimene akuuzani za manja zija sizili mmene azifotokozera. Kwathu anthu ambiri amachita zimenezo kukabwera oyendera sukulu, iwonso akudziwa, anachitapo okha. Ana sindinawakakamize, kanali kasewero chabe, ndipo mayankho ambiri ankawadziwadi. Ndachita kamodzi kokha, chifukwa ndinadziwa kuti mwawatuma kudzandiyesa."

Madam anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Manja ati?"



"Ndimati," anapitiriza Madam pang'onopang'ono, "Mayi Dauda anali pano dzulo kudzapempha chilolezo choti adzaonerenso kalasi yanu sabata yamawa. Ndinawafunsa kuti Lachiwiri zinayenda bwanji, anandiyankha kuti malamulo a kafukufuku wawo sawalola kundiuza. Ndinakhumudwa nawo pang'ono. Ine sindinatume munthu, Bambo Fraser. Ndakuitanirani ichi."

Anatembenuza pepala lija. Inali kontirakiti yatsopano, dzina lake lili pamwamba, ndipo m'munsi Madam anali atasayina kale mbali yawo. Wickson anaona ndime ya banja. Anaona mpata wopanda kanthu, wodikira dzanja lake. Cholembera chinali pafupi moti akanatha kuchitola osadzuka pampando.

Madam anaika chikhatho chawo papepalapo.

"Tsopano ndiuzeni za manja."

Anawauza. Akanatani? Anafotokoza za lamanja ndi lamanzere, za kuyeserera kwa Lolemba, za katoni ili m'basi. Nkhani imene ku Ntcheu ankasekera m'chipinda cha aphunzitsi, muno inkamuwawa m'kamwa mwake momwe. Madam sanamudule. Atamaliza anamufunsa funso limodzi.

"Rahma munamuuza kuti akweze liti?"

Wickson anayang'ana nsapato zake.

"Bambo ake andiimbira m'mawa uno. Akuti mwana akukana kubwera kusukulu, akungoti aphunzitsi a fizikisi amuuza kuti iye ndi wosadziwa. Ndawayankha kuti n'zosatheka, kuti pasukulu pano palibe amene wamuvutikira mwanayo kuposa inu. Ndakuikirani kumbuyo, Bambo Fraser." Anavula magalasi n'kuwasiya kuti alendewere pachifuwa. "Phokoso lanu ndinkalikonda. Zinyalala zanu ndinkazikonda, ndinkachita kunyadira kwa alendo. Koma mphunzitsi amene waphunzitsa ana anga kunamiza mlendo, mawa adzawaphunzitsa kunamiza ine. Ndikadzalowa m'kalasi mwanu n'kuona manja ali m'mwamba, sindidzadziwanso chimene ndikuona."

Anakoka dirowa, analowetsa pepala lija, n'kutseka mwakachetechete.

"Mumalize chaka chino. Khalas."

Panja kunkaomba kamphepo ka fumbi. Basi ya che Shaibu inali itapita kale ndi ana, katoni ili momwemo. Pageti, pamthunzi wa kanyumba ka alonda, panaima Atuweni, jumbo yoyera ili m'manja. Atamuona anaikweza n'kuigwedeza kuti amve zam'kati.

"A Fraser! Taonani zimene ndakutolerani. Zitsekerero, mabatire, ndi kawaya pang'ono. Ku Al Mansoura komwe ndikugona anthu ayamba kundiona ngati wamisala, kusuzumira m'mabini. Madam andilola kale, ndiye mungondiuza tsiku. Ndibwere liti?"

Wickson anamuyang'ana. Anafufuza nkhope yonseyo monga anachitira sabata yonse, kusaka penapake pamene bodza labisala. Panalibe. Panali fumbi pang'ono pampango, ndi thukuta pamphuno.

"Simunawauze," anatero. Silinali funso kwenikweni.

"Kuwauza chiyani?"

Anamupatsira jumbo ija, ndipo Wickson anailandira ndi manja awiri, monga analeredwera. Inali yopepuka. M'thumba la thalauza foni inayamba kunjenjemera, ndipo sanafunike kuitulutsa kuti adziwe kuti ndi Eveless, akufuna kufunsa ngati agule masutikesi awiri kapena imodzi yaikulu.